Mpesa wa Mkamwini

Moni kwa inu nonse, atsikana anzanga amene timakumana Lachitatu masana kudzapemphera, ndi inu amayi a kumpingo amene munandipempha kuti ndilembe zimenezi. Dzina langa ndine Edina, kwathu ndi ku Chileka, ndipo ndili m'chaka chachiwiri ku sekondale. Chaka chathachi amayi anga anamwalira, abambo anga anabwerera kwao ku Lirangwe, ndipo munda wa zipatso umene anatisiyira kuseri kwa nyumba unatsala pang'ono kuzulidwa. Ndatsegula kabuku kanga kamene ndimalembamo za tsiku ndi tsiku kuti ndisaphonye mwezi kapena kuwonjezera kanthu. Ndikufuna mudziwe mmene Mulungu anandithandizira kudzera m'dzanja limene ine ndinkaliyesa la mdani.

Abambo anga anali mkamwini. Anachoka ku Lirangwe n'kudzamanga nyumba m'mudzi wa amayi, monga mwa mwambo wathu. Inu mukudziwa kuti mkamwini sakonda kubzala mitengo, chifukwa nthaka si yake, ndipo tsiku lina akhoza kuchoka atangonyamula mphasa ndi khasu. Amuna ena a m'mudzimo ankabzala zinthu zokolola chaka chomwecho basi. Koma abambo anga anabzala malalanje anayi, mandimu awiri, magwafa ndi mapapaya. Anzawo ankawaseka kuti akugwirira ntchito alamu awo. Iwo ankangoyankha kuti zipatsozo adzadya Edina.

Pakati pa mitengo yonseyo panali umodzi umene ankaukonda koposa. Abambo ankagwira ntchito yochapa ndi kusita zovala kunyumba ya mzungu wina pafupi ndi bwalo la ndege. Tsiku lina m'nyengo yozizira anapeza nthambi zambiri zitatayidwa kudzala, ndipo atafunsa anauzidwa kuti ndi za mpesa. Anamva chisoni kuti anthu awononga mtengo wabwino chotero, natola nthambi zitatu n'kubwera nazo kunyumba. Imodzi yokha ndi imene inaphuka. Amayi anakondwa kwambiri, chifukwa kuyambira ubwana wawo ankamva za mphesa zikuwerengedwa m'tchalitchi, koma anali asanazionepo ndi maso. Ankati akufuna adzalawe ngakhale kamodzi kokha, adziwe chimene alaliki amanena.

Abambo anaumangira nsanja ya nsungwi, ndipo chaka chilichonse ankaiwonjezera. Sankalola munthu kuthyolako ngakhale kanthambi. Ine ndinakwapulidwa kamodzi chifukwa chodula kamsonga kuti ndimangire mtolo wa nkhuni. Mpesawo unakula n'kuphimba malo aakulu ngati nyumba, masamba ali gwaa, mthunzi wake wokoma. Koma zaka zisanu zinatha osabala. Chaka china unatulutsa timatsango tiwiri tosaoneka bwino, ndipo tinayoyoka tisanakule.

Amayi anamwalira m'mwezi wa Malichi asanalawe mphesa. Titakolola chimanga, akuluakulu a mbali zonse ziwiri anakumana n'kuwasudzula abambo, kutanthauza kuti ukwati watha ndipo ali omasuka kubwerera kwao. Panalibe mkangano, ndipo palibe amene anawanyoza. Unali mwambo chabe. Ine ndinali kusukulu, ndipo ndinamva m'kalata kuti tsiku lochoka anazungulira mitengo yawo yonse, kenaka ananyamuka osatembenuka. M'nyumba mwathu munalowa atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, ndi akazi awo ndi ana asanu. Iwo ndiwo anakhala ondiyang'anira.

Nditafika patchuti m'mwezi wa Julaye, ndinapita kuseri kwa nyumba kukaona mitengo ija. Kumapeto kwa Juni kunagwa chisanu chimene akuluakulu anati sanachione kwa zaka zambiri. Nyumba yathu ili kumunsi, pafupi ndi dambo, ndipo amati m'mawa wina udzu unayera ngati wathiridwa mchere. Mapapaya onse anapsa n'kuwolera chiimire. Nsonga za malalanje zinafota, masamba otsala anadzaza nsabwe, ndipo pamwamba pake panamata zakuda ngati mwaye. Chiswe chinali chitadya mizati iwiri ya nsanja. Mpesa unalibe tsamba ndi limodzi lomwe. Zaka zonse unkathothoka masamba pang'ono m'nyengo yozizira, koma chaka chimenecho unangotsala zingwe zouma zopiringizana.

Amayi ena pachitsime ankanena kuti mtengo watsata mwini wake. Ena ankati mitengo ya mkamwini si yabwino kuisunga, chifukwa imam'patsa chifukwa chobwererabwerera pamudzi pamene anasudzulidwa kale. Atsibweni sananene zimenezo. Iwo si munthu woipa, ndipo sindikufuna muwaganizire molakwika. Anandiitana pakhonde n'kundifotokozera modekha kuti m'nyumba muli pakamwa pambiri, munda ndi wochepa, ndipo malo amene mpesa waphimba akhoza kutulutsa madengu angapo a chimanga ndi nandolo. Anati mthunzi sadya. Ndinawapempha kuti adikire chaka chimodzi chokha. Anandifunsa kuti zaka zisanu zija sizinali kudikira kodi.

M'mawa wa Loweruka lomaliza la Julaye ndinapita kuchigayo. Pobwera ndinapeza ntchito itatha. Atsibweni anatenga chikwanje n'kusadza mpesa wonse. Nthambi zinali mulu pambali, nsanja itagwetsedwa, ndipo panangotsala thunthu lofika m'chiuno mwanga ndi manja ake awiri, okhala ndi tizitsa tatifupitifupi. Anati nthaka yauma kwambiri, chitsacho adzachikumba mvula yoyamba ikagwa, ndipo malalanje odwalawo adzawagwetsa nthawi yomweyo.

M'kabuku kanga, patsamba la tsiku limenelo, ndinalemba mzere umodzi wokha: "Lero amayi amwalira kachiwiri." Kwa masabata awiri sindinapite kuseri kwa nyumba. Kutchalitchi ndinkangotsegula pakamwa osaimba. Ndinaganiza zopita kwa mlangizi wa zamalimidwe kukafunsa ngati malalanje akhoza kuchira, koma inu mukudziwa mmene zinthu zilili masiku ano a boma la atsamunda la Chitaganya. Munthu akaoneka akuyankhula ndi a malimidwe, mudzi wonse umamuyang'ana ngati wagulitsa anzake. Ndinaopa. Kulembera abambo ndinalepheranso, chifukwa sindinadziwe mawu owauzira.

Tsiku lina m'mawa ndinalimba mtima n'kupita pa chitsa chija. Ndinaona chinthu chimene chinandisweratu mtima. M'malo monse mmene chikwanje chinadula munkatuluka madzi oyera, dontho ndi dontho, mpaka pansi panyowa. Ndinati ngakhale mtengo ukulira. Ndinagwada pomwepo n'kupemphera pemphero losakonzeka bwino. Sindinapemphe mphesa. Ndinangoti, Ambuye, abambo anga anakhala pamudzi pano zaka makumi awiri, musalole kuti chizindikiro chawo chonse chifafanizike ngati sanakhalepo.

Ndili chigwadire ndinamva belu la njinga. Anali Che Asani, bambo wachikulire wachisilamu amene amayenda pa njinga kugulitsa mchere, sopo ndi singano kuchokera ku Lirangwe mpaka kwathu kuno. Ankadziwana ndi abambo, koma ankangoima kumsewu, kuseri kwa nyumba anali asanafikeko. Tsiku limenelo anazungulira chifukwa anaodira kukhomo osayankhidwa, ndipo anali ndi uthenga wa abambo wofunsa ngati ndafika bwino. Atandiona ndi misozi anafunsa ngati kwagwanso zovuta. Ndinawalozera chitsacho n'kunena kuti atsibweni apha mpesa wa abambo, ndipo ukulira.

Che Asani anatsamiritsa njinga pa mgwafa, nayenda mozungulira chitsacho kawiri. Anakanda khungwa ndi chikhadabo, mkati munali mobiriwira. Kenaka anaseka mpaka kugwira mawondo.

"Mwanangu, wakufa salira," anatero. "Amene wadula apayu ndani? Ndikufuna ndim'gwire chanza."

Ndinaganiza kuti akundinyoza. Koma anakhala pansi n'kundifotokozera kuti ali mnyamata anagwira ntchito zaka zambiri m'munda wa Mpwitikizi wina ku Mozambiki, kumene makolo a amayi anga anachokera. Anati mpesa sufanana ndi mango. M'nyengo yozizira umataya masamba n'kugona, ndipo chisanu sichiupweteka ukakhala mtulo. Umabala pa nthambi zatsopano zokha, ndipo ukausiya osaudula mphamvu zake zonse zimathera ku masamba. Chaka chilichonse uyenera kudulidwa kwambiri, kusiya maso awiri okha pa kanthambi kalikonse. Anandionetsa masowo, timatuza tating'ono tofiirira pa tizitsa tija. Madzi otulukawo anati ndi chizindikiro choti wadzuka. Nditawauza za nthambi zimene abambo anatola kudzala kuja, anapukusa mutu n'kunena kuti zimenezo sizinali zowonongedwa, zinali zodulira.

Pamenepo ndinazindikira kuti abambo anga, chifukwa cha chikondi, anaumana mpesa wawo chinthu chimodzi chimene unkafuna.

Che Asani anatulutsa kampeni kakuthwa n'kusalaza malo onse amene chikwanje chinang'amba. Ndinawafunsa ngati chipembedzo chawo chimawalola kusamalira mtengo umene anthu amapangira vinyo. Anati vinyo samwa, koma mphesa anazilenga Mulungu, ndipo akadzabwera m'Disembala ndidzawasungire tsango limodzi. Anandiuzanso zochita ndi malalanje. Ndinawapempha kuti asawauze kanthu abambo kufikira titaona chenicheni, ndipo anavomera.

Apa ndiloleni ndinyadire pang'ono, chifukwa ntchito imene inatsatira ndinaigwira ndi manja angawa. M'mawa uliwonse ndinkatunga ndowa zisanu ndi imodzi kudambo, ziwiri za mpesa, zinayi za malalanje. Ndinadula nsonga zonse zopsa ndi chisanu. Ndinanyika zinyenyeswa za fodya m'madzi usiku wonse, m'mawa n'kusungunuliramo sopo, ndipo ndinkawaza masamba ndi katsache, kunsi ndi pamwamba. Masamba a mwaye aja ndinawatsuka limodzilimodzi ndi kansanza mpaka zala zanga zinasuwa. Ndinadula nsungwi zatsopano, ndinawaula kumunsi kwake pamoto, ndi kuthira phulusa m'maenje kuti chiswe chisadye. Nsanja yake ndinamanga yaing'ono, ya mizati inayi basi. Ana a atsibweni ankanditcha dona wa chitsa. Akazi a atsibweni ankati sukulu yandisokoneza mutu, munthu wophunzira Chingerezi n'kumathirira nkhuni. Atsibweni eni ake ankangondiyang'ana, nati ndithirire ndithu, nthaka ifewe, kukumba kudzawaphwekere.

Kumapeto kwa Ogasiti maso aja anatupa n'kuphulika. Munatuluka timasamba taubweya, tofiirira m'mbali. Pofika pakati pa Seputembala nthambi zatsopano zinali zitafika pansanja, ndipo pafupifupi iliyonse inali ndi katsango kobiriwira ngati mapira aang'ono. Ndinawerenga katatu kuti ndisadzinamize. Analipo makumi awiri ndi atatu.

Ndinakawaitana atsibweni. Anabwera akupukuta m'manja, anawerama, nayang'ana nthawi yaitali. Ndinawauza zonse zimene Che Asani ananena, kuti chikwanje chawo ndicho chachita zimenezi. Anangofunsa kuti zimapsa mwezi wanji, n'kubwerera kuntchito yawo. Za kukumba sanatchule, koma sanalonjezenso kuti aleka.

Sukulu inatsegulidwa, ndipo ndinachoka ndi mtima wolemera. Mvula yoyamba inagwa ndili m'kalasi, ndipo fungo la dothi litandifika ndinalephera kumva zimene aphunzitsi ankanena. Ndinkangoona khasu. Atsikana a m'chipinda mwathu mukukumbukira kuti sabata imeneyo ndinakupemphani kuti mupempherere mtengo, ndipo ena munaseka. Sindikukudandaulani, nanenso ndikadaseka.

Zimene zinachitika ine kulibe ndinazimva kwa akazi a atsibweni. Mvula itayamba, masamba a mpesa anayamba kuyera ngati awazidwa ufa, ndipo mphesa zina zinang'aluka. Atsibweni anakadikira Che Asani kumsewu masiku awiri. Che Asani anabwera ndi ufa wachikasu wotchedwa salufa, nawaonetsa kuuthira m'sokosi yakale n'kumagwedeza pamwamba pa masamba m'mawa dzuwa lisanatenthe. Anathotholanso masamba ena kuti mphepo izidutsa. Matsango asanu anawonongeka, ena onse anapulumuka. Mphesa zitayamba kuda, mbalame zotchedwa apumbwa zinazizindikira. Atsibweni anang'amba malaya awo akale, akazi awo anasoka timatumba, ndipo tsango lililonse analiveka kathumba kake. Mwana aliyense m'nyumbamo anauzidwa kuti akangokhudza, aona.

Nditafika patchuti cha Khirisimasi ndinathamangira kuseri ndisanatule n'katundu yemwe. Chimanga chinali chitamera m'malo monse mmene kale munali mthunzi, mizere yake yowongoka bwino. Koma pakati pake nsanja yanga inali chiimire, timatumba tikulendewera. Malalanje anali atavala masamba atsopano onyezimira. Palibe mtengo umene unagwetsedwa. Ndinatambasula dzanja kuti ndimasule kathumba kamodzi, ndipo atsibweni anandiletsa ali kumbuyo kwanga. Anati palibe alawe mwini wake asanalawe.

M'mawa mwake anapopa njinga n'kunyamuka ulendo wa ku Lirangwe. Anabwera dzuwa litapendeka, abambo atakhala pakaliyala, atagwira chipewa chawo kuti chisauluke. Anali ataonda. Amayi a pachitsime aja anatuluka m'nyumba zawo kudzaonerera, chifukwa sizichitikachitika kuti mwini mbumba akatenge yekha mkamwini wosudzulidwa.

Abambo ataona mmene mpesa wawo wachepera anaima chilili, ndipo nkhope yawo inagwa. Anafunsa motsitsa mawu kuti nthambi zonse zija zili kuti. Atsibweni anati tinasonkhera moto. Kenaka anamasula kathumba koyamba. Tsango linali lakuda bii, lothinana, lolemera mpaka kudzaza dzanja. Abambo anathyola mphesa imodzi n'kuiyang'ana, koma sanaiike pakamwa msanga. Ndinadziwa amene ankawaganizira. Atalawa anati ndi yotsekemera, ili ndi kakuwawasa pang'ono kumapeto, ndipo amayi akadaikonda chifukwa ankakonda bwemba.

Ndinawafotokozera zonse, za kugona kwa mpesa, za maso awiri, za nthambi za kudzala zija. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anatembenukira kwa atsibweni.

"Ndiye kuti alamu, ine zaka zisanu kuusisita, inu tsiku limodzi kuukwapula, n'kumvera inu?"

"Mitengo ina imafuna malume," anatero atsibweni.

Tonse tinaseka, ndipo aka kanali koyamba kumva abambo akuseka chimwalirire amayi. Pambuyo pake atsibweni anayankhula mawu amene ndinawalemba m'kabuku tsiku lomwelo, ndipo anawanena mokweza kuti oonerera aja amve. Anati nthaka ndi ya mbumba, zimenezo sizisintha, koma mitengo iyi ndi ya bambo a Edina, ndipo chaka chilichonse azibwera kudzadulira ndi kudzakolola popanda wowafunsa chimene abwerera. Anavomeranso pamaso pa onse kuti iwo anadula kuti aphe, ndipo kuti amene anapulumutsa mundawo ndi mwana amene ankam'seka kuti akuthirira nkhuni. Sindidzaiwala mmene abambo anandiyang'anira pamenepo.

Tsango limodzi tinasungira Che Asani monga mwa pangano. Lina ndinapita nalo kutchalitchi Lamulungu, ndipo amayi okalamba amene akhala akumva za mphesa moyo wawo wonse analandira imodzi imodzi. Agogo ena anaisunga yawo pansonga ya chitenje kuti akaonetse amuna awo odwala kunyumba.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero losakonzeka la mtsikana wogwada pa chitsa. Ine ndinkayembekeza kuti adzagwira dzanja la atsibweni kuti lisadule, koma Iye analilola kudula, n'kutumiza munthu wa chipembedzo china, wogulitsa mchere, kuti adzandiuze tanthauzo lake. Ndikuthokoza Che Asani, ndikuthokoza atsibweni anga, ndi inu amene munapempherera mtengo ngakhale munkaseka.

Anzanga, ena mwa inu muli ndi chinthu chimene chadulidwa mpaka kutsala chitsa. Sindikunena kuti chilichonse chimaphukanso, mapapaya athu sanabwerere, ndipo amayi anga sanalawe mphesa. Koma musafulumire kunena kuti chafa. Kandani khungwa muone, funsani amene akudziwa, ndipo pitirizani kutunga madzi ngakhale akusekeni.

Mwezi wa Julaye ukubwerawu abambo adzabwera kudzadulira mpesa wawo koyamba. Andilembera kale kuti agula kampeni, koma akuopa kuti adzaumvera chisoni n'kusiya maso ambiri. Atsibweni ati asadandaule, iwo adzaima pambali ndi chikwanje.